Saka ya Miyala

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene fakitale imene batate ankagwirako ntchito inatseka. Anabwera kunyumba ku Mtendere ndi njinga yawo basi, ndipo njingayo ndiyo inakhala munda wathu. Mbandakucha ankapita nayo kusanga, kupitirira Bauleni, madzulo n'kubwera akuikankha, masaka a malasha atasanjikizana mpaka kuwabisa mutu. Kuseka anasiya. Ife tinkadya kamodzi patsiku, ufa wa m'tumapulasitiki tija timati pamela.

Ndiye tsiku lina kunabwera ba Esnati, ang'ono awo a amai, amene ankagwira ntchito kwa azungu kumayadi. Akuti mabwana awo ndi anzawo akufuna munthu wodziwa tinjira ta m'nkhalango, awatsogolere Loweruka pa njinga. Amai anafunsa kuti azunguwo akukatengako chiyani. Ba Esnati anati palibe, akuti akungokayenda.

Amai sanakhulupirire. Munthu wa galimoto ziwiri asiye galimoto, akwere njinga, alowe m'tchire popanda chimene akufuna? Masiku amenewo m'komboni monse nkhani inali ya miyala yodula, akuti wina anatola kamwala kamodzi n'kugula minibasi. Amai anandikokera kuseri kwa nyumba n'kundipatsa saka.

"Batate bako bali na nsoni. Iwe uyangane manja ya bazungu. Vamene batola, naiwe utole. Usabwele na saka ilibe kanthu."

Loweruka lija ine ndi batate tinawapeza azunguwo akutidikira pamene tala amathera. Analipo asanu ndi mmodzi, mmodzi wa iwo madamu wamtali, onse atavala zipewa zolimba ngati chigoba cha fulu. Njinga zawo zinali za matayala onenepa, koma zopanda kaliyala. Apa mpamene mutu wanga unayambira kuzungulira. Njinga yopanda kaliyala, katundu akamangira pati?

Tinalowa m'nkhalango, batate patsogolo, ine nditakhala kumbuyo kwawo, saka nditaikhalira. Inali nthawi ya mvula zoyamba. Pansi pankanunkha masamba onyowa, ndipo masuku anali mbwee pansi pa mitengo. Azungu anangowaponda. Pakamtsinje batate anawaonetsa powolokera pouma, iwo n'kusankha pamatope, akuseka, msana wonse bii. Kenaka tinadutsa bowa, bowa waukulu ngati mbale, ndiwo za masiku awiri. Dzanja langa linayabwa, koma ndinati ayi. Ngati anthu awa akusiya bowa, ndiye kuti chimene akufuna n'chachikulu kuposa bowa, ndisadzaze saka ndi zachabe.

Dzuwa lili pamutu mitengo inatha. Tinatulukira paphiri la udzu waufupi, mphepo yokhayokha, miyala ili apo ndi apo. Onse anatsika n'kuimirira akuyang'ana kutali kumene kunalibe kanthu. Ine ndinayang'ananso, sindinaone kanthu. Koma ndiye madamu uja anayamba kuyenda chowerama. Anatola mwala woyera, kuutembenuza, kuutaya. Anatola wina, n'kukagwada nawo panjinga yake atatifulatira.

Batate anali atakhala patali akudya buledi amene anawapatsa. Ine ndinakwawa m'udzu, kutola mwala uliwonse woyera mpaka zala kutuluka magazi, ndipo saka nditaikoka ndinaimangira pakaliyala ndi lekeni, mphira umene batate ankamangira malasha.

Nthawi yobwerera, batate anagwira njinga, njinga inakana. Anamasula saka, anayang'anamo nthawi yaitali. Nditawauza zimene amai ananena, anandilozera madamu. Mwala wake anali atautaya kale. Unali wongokhomera pedulo imene inapindika.

"Nanga babwelela chani, batate?"

"Kulema chabe, mwana wanga. Babwela kulema."

Kulema? Kutopa kumene batate ankabwera nako tsiku ndi tsiku, kumene amai ankawathowa miyendo ndi madzi otentha, anthu awa anasiya mipando yawo kudzakufuna kuphiri? Ndinafunsanso kawiri, yankho silinasinthe.

Batate anakhuthula miyala yanga m'udzu, ine ndikulira, ndikuganiza za amai. Anandiuza kuti ndigwire zolimba m'chiuno mwawo. Phiri limenelo ankalitsika masiku onse wapansi, atakanikiza mabuleki kuti malasha asawakoke. Tsiku limenelo kumbuyo kwawo kunali ine ndekha. Anasiya mabuleki. Mphepo inandiumitsa misozi, udzu unasanduka mzere umodzi, tinapitirira azungu onse ndi matayala awo onenepa, ndipo ndinamva msana wa batate ukugwedezeka patsaya langa. Ndinayesa akutsokomola. Ankaseka, kuseka kwenikweni, kofuula ngati mnyamata.

Tinabwerera njira ina yachidule, yopanda bowa. Amai anakutumula saka, munagwa fumbi lokha. Atamva za bowa anandikwapula ndi saka yomweyo, ndipo sindiwanena, chifukwa ndalama imene batate analandira inagula ufa, koma ndiwo panalibe.

Lero anyamata a njinga zotero amadutsa pamsewu wathu Loweruka, ena ndi ana a m'komboni momwemuno. Kunena zoona, mpaka pano sindimvetsa bwino munthu wofunafuna kulema. Chimene ndinaphunzira n'chakuti bowa ukamuona uzule, osayang'ana manja a munthu wokhuta. Koma china ndinachizindikira mochedwa, batate atapita kale. Pa anthu onse amene anakwera phiri lija tsiku limenelo, amene anatsika ndi kanthu anali iwo, ndipo sikanali kolowa m'saka.