Njinga yogona ya Batate

Ba Moffat, mwana wa ba anti banga, ni kawalala. Nakamba, ndipo sinibweza mau. Njinga ya Batate ili pamwamba pa nyumba yao ku Chaisa, banaiika pamodzi na miyala na matayala akale kuti mphepo isanyamule malata. Aliyense opita pa njila ija angaione. Ine nikaiona, pamutima pamachita monga nameza khala ya moto, chifukwa ija si chisulo chabe iyai. Ninalipo pamene banali kuipanga. Mpaka lelo nikamvela fungo ya chisulo chamene bangochiwotchelela, na oilo yakuda ya mu injini, nimabwelela ku George, komboni yathu ya mu Lusaka, chaka chamene ninali mu giledi faivi, nthawi yozizila.

Batate banali ba welda ku Heavy Industrial Area, pa kampani yopanga mageti na mafelemu a mawindo. Chaka chija geti imodzi inabagwela pa musana, bagona mu nyumba masabata ambili. Pobwelela ku nchito banapeza kuti lole yamene inali kutenga banchito kuseni inaleka. Mu minibasi, kupanikizana kuja na mabampu a mu komboni, banali kutuluka misozi ili mumaso. Na mendo banali kuima-ima pa njila bagwila chiuno. Njinga yao yakale, bakangowelama kugwila handulo, ululu unali kutsika mu mwendo monga bagwila waya wa malaiti. Ba folomani banabauza poyela kuti bakachedwanso bazapeza geti yotseka, panja pali banyamata bambili bofuna nchito. Nyumba inali ya lendi, ba landilodi bakhala pa khomo yachibili. Ngakhale ise bana tinali kudziba kuti nchito ija ikasila, tisila nayo.

Madzulo bakabwela banali kugona chagada pa simenti, mendo baika pa chigubu cha manzi. Ndiye pokhapo pamene musana unali kubaleka. Tsiku ina Bamai banali kusita yunifomu yanga na aini ya malasha, babayangana, bati, "Batate bake Lazalo, ngati ni telo muziyenda ku nchito chogona." Banali kuseka chabe. Batate sibanaseke. Banayangana mendo yao nthawi itali, banyamula, bayamba kuzungulutsa mumwamba monga bachova. Bamai banaika aini pansi, bati, "Mayo ine, nakamba chani."

Pa Sondo tinatenga vonse pa wilibala kupeleka kwa Ba Mulenga, banzao bochokela ku migodi ya ku Kopala, bamene banali na mashini yowotchelela pafupi na maliketi ya Lilanda. Munali njinga yakale ija, kanjinga kakufa ka mwana kamene banapempha kwa ba neba, na paipi ya bedi yothyoka. Batate banajambula na malasha pansi, bafuta na phazi, bajambulanso. Wilo ikulu kumbuyo, kang'ono kutsogolo. Mapedulo banaika kutsogolo kwenikweni, pamwamba pa kawilo kang'ono, kumapeto kwa paipi yotuluka monga mphuno. Mupando banaluka na malegeni a chubu ya motoka, wotsamila monga wa bwana, ndipo handulo inapita pansi pa mupando, manja kugwila mumbali. Cheni imodzi siinakwane, banalumikiza zitatu, bazipisa mu hosi yakuda kuti zisadye buluku. Ba Mulenga banali kupukusa mutu tsiku yonse, koma malodi owotchelela banali kupeleka. Ine bananiuza kuti nisayangane moto wa buluu uja, ninayangana. Kuseni kwake maso anali monga muli mchenga, Bamai banidonthezela mukaka uku banitukana, koma sininadandaule olo pang'ono.

Vuto inali ponyamuka. Njinga ya masiku onse umakankha na phazi ukwela. Iyi ukagona, mendo yonse ili mumwamba, ukachedwa chabe wagwa monga thumba. Ndiye nchito inakhala yanga, kugwila kumbuyo kwa mupando na kuthamanga nayo mpaka Batate bakuwe kuti leka. Ulendo woyamba tinafika pa kiyosiki ya manzi, pamene bazimai banali pa mzele na vigubu. Ninaleka, njinga inayenda monga yakolewa, yakhota, Batate mu ngalande phava! Mzele wonse unagwa na nseko. Bamai bena bonenepa banawelama, bati, "Mwauka bwanji, mudala?" Batate banatuluka matope mpaka mu khutu, bayankha kuti tauka bwino kaya imwe, bagonanso pa mupando, bati, "Kankha."

George yonse inatidziba sabata imene ija. Bana banali kutikonkha kumbuyo monga tili na ngoma, fumbi kobo, bagalu kuuwa. Banyamata boitanila mabasi pa siteshoni bakationa banali kumenya mbali ya basi, kukuwa, "Mudala, ukani, kwacha!" Ba neba bathu ba chechi yopemphelela mu kilasi ya pa sukulu banauza Bamai kuti bapemphelele nyumba, chifukwa oyenda chagada mu musewu ni mtembo chabe. Ine ku sukulu ninali mfumu. Ofuna kugwilako pedulo anali kuyamba wanipatsa chitumbuwa.

Tsiku yoyamba kupita nayo ku nchito kunali kozizila kwakuti mano kugundana, utsi wa mbaula uli pansi-pansi pa nyumba zonse. Ninabakankha kuchoka pa khomo, kupitilila tuntemba togulitsa vinthu, mpaka pa tala. Pamene mawilo anagwila tala, njinga inanichoka mumanja yeka. Ninaima nili wefuwefu, niona mapazi a Batate azungulila kutsogolo, ka chikafu ka nsima yao kali pa mimba, mutu ungooneka pang'ono, mpaka fumbi inabameza. Ku sukulu sininamveko kanthu tsiku ija. Madzulo banabwela baimba mluzu. Banati banafika geti ikali yokhoma, ba gadi bakali kuotha moto, ndipo ba folomani pobwela banabapeza bavala kale ovolosi. Chamene sibanakambe pamaso pa Bamai, bananiuza ine kuseli kwa nyumba: pa Mungwi Road thanka ya mafuta inangotsala pang'ono kubaponda, dalaiva sanabaone chifukwa banali pansi maningi. Tinafuna nsungwi itali, tamanga kumbuyo kwa mupando, pamwamba taikapo duku yofiila ya Bamai. Duku ija Bamai banaifuna mwezi wonse mu nyumba, kosadziba kuti ipita ku nchito tsiku na tsiku.

Mu Ogasiti munabwela mphepo ija ya Lusaka yonyamula mapulasitiki na mchenga, yolowa mpaka mu mano. Bamalasha na bonse ba njinga zoimilila banali kulimbana nayo, malaya atupa monga matumba, bena kutsika kumakankha. Batate banali kupita pansi pake. Nakamba zoona, ninaona na maso yanga munyamata wa njinga yatsopano ya magiya aimilila pa mapedulo, thukuta kamukamu, mudala wodwala musana amupitilila atagona monga amvela wailesi. Banthu bamene banali kuseka banayamba kuima mumbali mwa musewu kuyembekeza duku yofiila.

Masukulu atatseka, Batate banati tiyende ku Kafue. Kunalibe maliro, kunalibe wachibululu wodwala. Banali kufuna chabe kudziba kuti njinga yao ingafike kuti. Banawotchelela keliya pamwamba pa wilo yakumbuyo, baikapo saka, ine nakhala pamenepo, mutu wao uli pa mimba panga. Galasi tinalibe, ndipo beve kucheuka sibanali kukwanisa, ndiye maso akumbuyo ninali ine. Nikaona chikubwela nikuwa, "Lole!" kapena "Basi!" beve bapatukila kumbali. Tinapita mu tauni mashopu akali otseka, tadutsa Chawama, nyumba zayamba kuchepa. Ku Chilanga mitengo inali yotuwa na fumbi ya simenti. Pa lodibuloko ba polisi banatiimika, bazungulila njinga kabili, bayangana pansi, bayangana duku. Bakulu bao banafunsa, "Manje iyi tilembe kuti ni chani?" Batate bati, "Lembani bedi, bwana." Banaseka mpaka chisote kugwa, ndipo banatikankha beve bene kuti tinyamuke.

Kutsogolo kuja kuli mitsetse itali. Mayo! Batate banaleka kuchova, njinga yayamba kulila yeka, sipoko kuimba, nsungwi yapindika mpaka duku kunimenya pa khosi. Misozi inali kuchoka mumaso kupita mu makutu. Udzu wouma mumbali unasanduka chinthu chimodzi chachikasu. Ninakuwa, osati lole olo basi, kukuwa chabe, na Batate bayamba kukuwa naine, mudala wa ndevu zake. Tinapitilila thilakita yonyamula manyowa, banthu bali pamwamba banyamula manja. Sininayendepo liwilo yotelo pa chinthu chopanda injini, kufikila lelo.

Ku Kafue tinadya nsomba yokazinga pafupi na buliji, tamwa munkoyo wozizila wa mu chigubu. Ninaona manzi ambili pamalo amodzi koyamba, opanda mzele, opanda okhoma pompi. Titapumula, Batate banakankhila njinga pa gilaundi ya bola ya pafupi, batulutsa sipanala mu thumba. Banamasula mupando, baukokela kutsogolo. Ndiye pamene ninaona kuti paipi ija banaiboola mabowo mzele, kuchoka pamene banali kukhala beve mpaka pafupi na mapedulo. Banaika bauti mu bowo yakutsogolo, bamanga, bati, "Iyi bowo ni yako. Ukamakula uzibweza mupando kumbuyo, imodzi-imodzi, mpaka ukafike pa yanga." Ninagona, mapazi anafika pa mapedulo ndendende. Tsiku ija okankha banali beve, na musana wao uja. Ninagwa, nagwanso, kenaka thambo yonse inali pamaso panga ndipo njinga inali kuyenda. Pobwelela mitunda inatilanga, pa njinga yogona sungaimilile kuti uponde na thupi, tinatsika kambili kumakankha. Tinalowa mu George dzuwa ili kulowa, milomo yong'ambika, matako anga osamveka, bana batilandila na phokoso monga tabwela na kapu.

Mvula itayamba Batate banayamba kukhosomola. Sibanafike Isitala. Titaika maliro, bachibululu bochoka ku Katete banakhala pa mipando panja, batulutsa katundu yense pa bwalo. Banati mwa mwambo wathu vinthu va mwamuna vimapita kwa mwana wa mlongo wake, ise bana ndise ba kuchikazi, tikadye kwa bamalume bathu. Mwana wa mlongo uja ndiye Ba Moffat, bamene nthawi yonse ya matenda sibanabwelepo olo na lalanje imodzi. Banatenga matilesi, wailesi, jekete. Vimenevo nilibe navo nkhani. Koma pamene banagwila njinga ninaimilila, nati Batate banakamba kuti ni yanga, onani bowo. Bakulu bena banibweza pansi na dzanja, bati mwana sakamba pa nkhani ya maliro. Bamai banali gone mu nyumba pa mphasa, mau atasila na kulila. Ba Moffat banayesa kukwela pamenepo kuti baonetse, bagwa pamaso pa banthu bonse, ndipo palibe anabakankha. Banaikweza pa wilibala. Ninamva kuti ku Chaisa banayesanso, bagwela pa tomato ya bene, basi baiponya pa malata.

Nitakula ninapita kukaipempha mwaulemu, nagwada na kugwada. Bananiuza kuti ndiye igwila denga, nibweletse vina volema. Ninabweletsa mabuloko pa wilibala kuchoka ku Mandevu. Mabuloko banalandila, bamangila chimbudzi, bati chinthu chopatsidwa pa maliro sichibwelela, chingabweletse tsoka. Tsoka yanji? Tsoka ni kusiya njinga yamene inafika ku Kafue idyewe na nguwe, nkhunda zinyelapo.

Nthawi ija ninali kuganiza kuti Batate banapanga njinga ija kuti tikhale bodziwika mu George, kuti tipitilile banthu pa musewu na kuseka. Manje nili na zaka zopitilila zao. Nanyamula simenti mu mawelehausi a ku Heavy Industrial komweko kuchokela unyamata, ndipo musana wanga nao wayamba kutuma moto mu mwendo. Madzulo nimagona chagada pa simenti, mendo pa chigubu. Apo ndiye nadziba kuti mluzu uja banali kuimba pofika pa nyumba unali wa munthu wamene wapulumuka tsiku imodzi chabe, ndipo mawa azayesanso. Naine ba kapitao banichenjeza kale za kuchedwa.

Ndiye Ba Moffat, mvelani. Imwe simunakwanisepo kuikwela, bana banu sibaidziba, bakazi banu bamayanikapo kapenta. Sinifuna matilesi, sinifuna wailesi, mabuloko aja khalani nayo. Kwelani pa malata, kapena tumani muzukulu ngati mendo yakana, muitsitse njinga ya Batate. Nguwe nizapala neka, cheni nizafuna neka. Mendo yanga yatalika, yafika pa bowo ya Batate, ndipo pa Mande nifunika kufika ku nchito geti isanatsekedwe.