Tsiku Limene Ndinapempha Kuti Atate Atukwanidwe

Ndinabwerera kwathu kwa Mphuka, ku Feira, ndi digiri ndiponso lilime lobatizidwa. Pa maliro a atate, sabwira wathu a Zuze, amene mwambo umawalamula kutukwana malemu ndi kuwakumbira manda, anafuula pakhomo: "Dzuka, galu iwe! Ulesi mpaka pa imfa?"

Amayi anaseka misozi ili m'masaya. Ine ndinakonza tayi.

"Akhristu satukwana. Chikunja chanucho mupite nacho kutchire."

Mawu anga onse anali oyera, komabe a Zuze anatula khasu nakhala pamthunzi. Tsono dzuwa la Feira silidikira mtembo.

Masana ndinagwada pamaso pawo, tayi ikukhudza fumbi.

"Mufuna chiyani, Mkhristu?"

"Chonde, atukwaneni atate."