Makhololo a Apongozi Apita ku Boma

Ndinanyamuka ku Chapananga mbuzi zisanatuluke m'khola, kabotolo ka makhololo a apongozi anga kali m'thumba la malaya. Mayiwa anali atatsiriza mankhwala a chifuwa chachikulu, koma anakanitsitsa kunyamula khanda lathu mpaka achipatala atanena kuti tizilombo tatha. Ankangolionera patali, manja ali kumbuyo, ndipo zinkandimvetsa chisoni.

Wakabaza anatchula mtengo ngati ndikugula njinga yamotoyo. Titamvana tinawoloka mtsinje wa Mwanza pamchenga, fumbi lili koboo. Kutsidya ndinakwera lole ya matola, n'kukhala pathumba la mapira.

Mayi wina anaona kuti dzanja langa silikuchoka pachifuwa.

"Achimwene, ngati ndi ndalama za ng'ombe mwagulitsazo, tigulireniko thobwa."

"Mayi, chuma chimenechi simungachilandire ngakhale chaulere."

Nditawaululira anasendera kutali, ine n'kutambasula miyendo mpaka pa boma.

Tinafika ku Chikwawa dzuwa litayamba kuluma. Ndinapereka kabotoloko kuchipatala, n'kupita kukatafuna kanyenya wa mbuzi. Chakumasana ndinawavutitsa ndi mafunso mayi oyeza makhololo, mpaka anandilowetsa m'kachipinda kotseka makatani. Anandifotokozera kuti makhololo amawapaka pakagalasi n'kuthira mankhwala amene amakakamira pa tizilombo ta chifuwachi. Akaunika ndi kuwala kwabuluu kwa maikulosikopu, tizilomboto timawala.

Anayamba ndi kagalasi kophunzitsira. Ndinaona timizere tachikasu tili waliwali ngati ziphaniphani, tokongola mosayenera. Kenako anaika ka apongozi. Ndinasuzumira, koma munali mdima wokhawokha.

"Kodi magetsi athima?"

"Ayi bambo," anaseka. "Ndafufuza kagalasi konse, palibe chowala. Mdima umenewu ndiwo timaufuna."

"Takhuta!" Ndinathokoza, Chisena chitangonditulukira chokha.

Ndisanatuluke pachipata ndinaimbira mkazi wanga kuti apereke mwana kwa agogo ake.

Pobwerera ndinkaseka ndekha palole. Ine mkamwini, amene ndimapatukira kutchire tikakumana panjira ndi apongozi, ndinali nditasuzumira m'chifuwa mwawo. Ndinaphunziranso kuti nthawi zina kusaona kanthu ndiye mwayi.

Tikuyandikira Mwanza dzuwa litapendeka, foni inalira. Anali mkazi wanga.

"Bambo a mwana, fulumirani mudzatiweruze. Mwana akufuna kuyamwa, koma amayi akukana kumubweza."