Pansi pa Dengu la a Rosebell

Amene anakwerapo phiri la Zomba pagalimoto amawadziwa a Rosebell, ngakhale dzina sangalitchule. Ndi mayi aja aafupi, a duku lobiriwira, amene amakhala pakhona yomaliza musanafike pamwamba, atandanditsa timadengu ta sitiroberi ndi mabulosi. Anzawo amathamangira galimoto akukuwa mitengo. Iwo sathamanga. Wogula akaima, amatenga kadengu n'kukakhuthulira m'mbale pamaso pake, kuti aone ndi zapansi zomwe.

Khalidweli sanabadwe nalo, tisanamizane. Atangoyamba malonda, zaka zija zipani zinangochuluka kumene, ankasanja ngati wina aliyense: zonenepa pamwamba, zophwanyika pansi. Tsiku lina mayi wina wophunzitsa kukoleji anakhuthula kadengu kawo paboneti ya galimoto, anthu onse akuona. Sanawakalipire. Anangowayang'ana, n'kulipira, n'kuzisiya pomwepo zipatsozo. Manyazi a tsiku limenelo a Rosebell sanawaiwale, ndipo kuyambira pamenepo dengu amakhuthula okha.

Amuna awo, a Stafford, anagwira ntchito yolondera moto m'nkhalango ya paini zaka makumi atatu. Maso awo ndiwo anali ntchito yawo. Utsi ukangoti tolo kuseri kwa chitunda, iwo anali atauona kale anzawo akuyesa nkhungu. Koma atapuma pantchito anawapeza ndi matenda a shuga, kenako ng'ala inaphimba maso onse awiri. Popita kuchipatala kutauni ankatsika njira ya mbatata, ija yotsetsereka ya anthu osenza katundu, atagwira phewa la akazi awo. Pamwala wina woterera a Rosebell ankaima n'kunena kuti, "Mwala uja, bambo." Mawu amenewa ankawapweteka onse awiri.

Mwana wawo Macdonald, wogwira ntchito ku Lilongwe, atakwezedwa paudindo anaimba foni. Anati makolo ake alowe inshuwaransi ya zachipatala, iye azilipira mwezi ndi mwezi, bambo achitidwe opaleshoni ya maso osadikira mzere wautali. Sikimu ya inshuwaransiyo anali atasankha kale pafoni pomwepo, ndipo anatuma ejenti wa kampani yake, Yakobo, kuti akawasainitse.

Yakobo anafika kuphiri nsapato zosongoka zili matope okhaokha. Anatulutsa kabuku konyezimira, pachikuto pali nkhalamba ziwiri zoseka mano onse ali mbee, kumbuyo kwawo ndege. Anawerenga tsamba loyamba mokoma ngati mlaliki: chipinda chanokha, ambulansi, ngakhale kukuulutsani kunja zikavuta.

A Rosebell sukulu analekezera Sitandade 4, Chingerezi sachimva. Koma anamvetsera mpaka Yakobo atapuma.

"Mwawerenga bwino, achimwene. Tsopano tayambirani kumapeto, muzindimasulira."

"Kumeneko ndi zamalamulo chabe, mayi."

"Eya, zomwezo. Tizilembo tating'onoting'onoto."

Yakobo anawerenga liwu likutsika. Zinapezeka kuti munthu wopitirira zaka makumi asanu ndi limodzi akalowa ali kale ndi matenda, sikimuyo silipira za matendawo, kapena chilichonse chobwera chifukwa cha iwo, mpaka kalekale. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

"Apa musadandaule," anatero Yakobo, akutsegula cholembera. "Pafomu tingochonga kuti bambo alibe vuto lililonse. Pakapita miyezi ingapo akadandaule maso ngati zayamba kumene. Ambiri amatero."

A Stafford anali pampando, nkhope italoza kumene kunkachokera mawu. "Amake Macdonald," anatero motsitsa, "tangomulolani mnyamatayu. Ine ndatopa nawo mdimawu."

Mtima wa a Rosebell unasweka. Akanakalipa bamboyo zikanakhala zosavuta, koma anapempha ngati mwana. Komabe analowa m'nyumba n'kutuluka ndi jumbo momwe ankasungamo buku la kuchipatala la amuna awo, lija munthu amayenda nalo kulikonse kumene akalandire chithandizo. Linali lakutha m'mbali, masamba ake odzaza ndi zolemba za madokotala a zaka zisanu ndi ziwiri.

"Nanga ili tilitaye m'chimbudzi? Tsiku limene adzalifune, mudzakhalapo inu, achimwene?"

Yakobo anatsika phiri fomu yake ili yosalemba. Madzulo Macdonald anaimba atapsa mtima.

"Amayi, mwandichititsa manyazi. Inuyo za inshuwaransi mumazidziwa?"

"Sindizidziwa, mwana wanga. Ine ndimadziwa dengu. Tandipatsa mwezi umodzi."

Anthu ogula zipatso pakhona paja ndi ati? Aphunzitsi a kukoleji, akuluakulu a m'maofesi a boma, opuma pantchito obwera kudzapitidwa mphepo. Ambiri a iwo makhadi a sikimu ali m'thumba. Mwezi wonsewo aliyense woima pa a Rosebell ankalandira mabulosi a basera ndi funso limodzi. Sankafunsa kuti khadi yanu imalipira chiyani, poti zimenezo timabuku timanena kale. Ankafunsa kuti, "Khadi yanuyo inakukananipo liti?"

Anthu ankaseka kaye, kenako n'kuzimitsa injini. Wina khadi yake inkagwira ku Blantyre kokha. Wina anamukana mankhwala a mwezi ndi mwezi. Bambo wina wa ku Chikamveka, kalaliki wopuma, anavula chipewa pofotokoza zake: anabisa BP polowa, analipira zaka zitatu, ndipo tsiku limene anagonekedwa, a kampani anaitanitsa buku lake la kuchipatala n'kumufufuta. A Rosebell sanalembe chilichonse. Zonse ankazisanja m'mutu, ndipo dzina la sikimu imodzi linkabwerabwera popanda wolitukwana kwambiri.

Ofesi yake anaipeza ku Matawale, kachipinda kopanikizika pakati pa telala ndi wogulitsa mayunitsi. Munali mayi wina dzina lake Mavis, ndipo mafomu ake anali a fotokope wamba, opanda chithunzi. A Rosebell anaika buku lija patebulo asanakhale n'komwe pansi.

"Amuna anga ali ndi shuga, ali ndi ng'ala, zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zinayi. Mundiuze zoipa zanu kaye."

Mavis anawayang'ana, n'kuseka. "Mayi, mwabwera bwino. Tiwalandira, koma molipira mokwererapo. Mankhwala a shuga ayamba kulandira pakatha miyezi itatu, pachipatala cha konkuno ku Zomba. Opaleshoni ya maso adikire chaka chathunthu. Ndege tilibe."

"Ndege tikwere tikupita kuti? Jambulani bukuli tsamba lililonse, mulimate kufomuko."

Macdonald anavomera monyinyirika. Koma chaka, abale, n'chachitali kwa munthu wosaona. A Stafford anakhala milungu iwiri osawalankhula bwino akazi awo. Mwezi wa February, mvula ili pakati, anaterereka pamwala uja n'kusupuka bondo, ndipo ali pansi pomwepo anati, "Pepala la mnyamata uja ndikanasaina, bwenzi pano ndikuona." A Rosebell anawadzutsa, anawapukuta matope, ndipo atafika kunyumba anakalirira kudimba la sitiroberi. Anaopa kuti mwina ukatswiri wawo wa pamsewu walanda mwamuna wawo chaka cha moyo pachabe.

Chaka chitakwana, dokotala analemba kalata yopempha opaleshoni. Shuga anali atatsika bwino chifukwa mankhwala sanadumphe mwezi. Ku likulu la kampani anayankha monga amayankhira onse: tumizani buku la kuchipatala, tione ngati matendawa sanabisidwe polowa. Mavis anangotsegula kabati, n'kutulutsa fomu ija masamba onse ali chimatire, deti la chaka chatha lili pamwamba. Panalibe choti afufuze. Chilolezo chinabwera sabata yomweyo, ndipo Macdonald anaimba foni n'kungoti, "Amayi, pepani." A Rosebell anamuuza kuti abwere adzadye mabulosi.

Diso loyamba analichita mu May, lachiwiri mu July. Loweruka lina la August, kunja kutayera, awiriwo ananyamuka kutsika njira ya mbatata, ulendo wokaonetsa maso kwa dokotala komaliza. A Rosebell anali ndi dengu la sitiroberi lokasiya kwa Mavis. Ankayenda patsogolo monga mwa masiku onse, maso ali pansi, ndipo atafika pamwala uja miyendo inaima yokha.

"Mwala uja, bambo," anatero, akupereka phewa.

Palibe dzanja limene linawagwira. A Stafford anawalambalala, anadumpha mwalawo, n'kuima kumunsi kwake atagwira m'chiuno. Ankayang'ana kutali, kuchigwa cha ku Chilwa.

"Uko wina akuotcha tchire," anatero, akuloza kautsi kamene a Rosebell sanakaone n'komwe. Kenako anatembenuka n'kutambasula dzanja. "Bweretsani dengulo, amake Macdonald. Gwirani phewa langa, pano m'poterera."