Tinawaseka Mayi Belu mpaka anasiya kuimba foni

Dzina loti Mayi Belu ndinawapatsa ndine, ndi pakamwa pangapa. Ine ndimathira mafuta pabwalo lathu la ndege, kabwalo kafumbi komwe nthawi imeneyo kanali ndi ndege imodzi yokha, yonyamula mankhwala kupita kuchipatala cha kuseri kwa mapiri. Iwo ankakhala m'kaofesi kamalata, pakati pa wailesi yolankhulirana ndi ndege, foni ndi buku lalikulu. Anayamba ngati wosesa, akulera okha ana atatu. Wailesi anaiphunzira ndi makutu, tsache lili m'manja, mpaka abwana anawapatsa mpando. Zaka khumi ndi zinayi, osachedwapo ngakhale tsiku limodzi.

Lamulo lake linali losavuta. Ndege ikanyamuka, alembe nthawi. Ikatera uko, woyendetsa aimbe foni kuti wafika. Pakadutsa theka la ola osamveka, mayiwo aitane opulumutsa anthu.

Koma Kaputeni wathu, ha! Munthu wabwino, woseka ndi aliyense, koma kuiwala kwake kunalibe mankhwala. Akatera ankayamba kutsitsa makatoni, kucheza ndi anamwino, foni ili phee m'thumba. Netiweki ya kumeneko nayonso ndi yochita kukwerera pachulu. Kawiri konse Mayi Belu anadzutsa dziko, magalimoto kunyamuka, apolisi kuuzidwa, kenako Kaputeni n'kuimba akumwa tiyi. Abwana anawakalipira mayiwo pamaso pathu. Ine ndiye ndinakolezera moto. Akamadutsa ndinkamenya mgolo ndi sipanala, ngwe ngwe ngwe, anzanga n'kumafa nalo phwete.

Tsiku lakelo kunacha ndi nkhungu kumapiri. Kaputeni anayang'ana kumwamba nati ikhala itayera akamafika, mankhwala a ana achedwa kale masiku awiri. Ananyamuka 9 koloko, ulendo wa ola limodzi. Itakwana 11, theka la ola lija litadutsa kale, mayiwo anandipeza ndikutsuka paipi.

"Achimwene, sanaimbetu. Wailesinso ili zii."

"Mwayambanso, Mayi Belu? Munthu akumwa tiyi uko! Mukufuna akuchotseni ntchito? Ana adya chiyani?"

Anabwerera mkati. Foni sanaikhudze.

Kuchipatala ankaganiza kuti ndege sinanyamuke chifukwa cha nyengo, ife kuno tinkati yafika. Cha m'ma 4 namwino anaimba kufunsa ngati mankhwala abwera mawa. Pomwe osaka ankanyamuka n'kuti mvula itayamba, ndipo msewu wa kumeneko umangothera m'tchire, kotsalako ndi kwa miyendo. Anakamupeza Kaputeni mawa lake masana atafa kale, ndege itawomba mitengo pafupi ndi nsonga ya phiri. Anali atatulukamo yekha, atadzimanga mwendo ndi malaya, n'kukhala chotsamira mwala kudikira ife. Dokotala anati anakhala ndi moyo maola ambiri ndithu.

Ofufuza atabwera anatisonkhanitsa m'kaofesi kaja. Anawafunsa mayiwo ngati alipo amene anawaletsa kuimba. Ine maso anali pansapato.

"Palibe, bwana. Ndinali ndekha."

Ntchito ya mayiwo inathera pomwepo. Ine ndinangoti duu ngati galu wakuba, ndipo mafuta ndikuthirabe mpaka lero. Ndinene zoona, ndimadzida. Ndine wamantha, ndipo mantha angawo anadyetsa ana anga pamene ana awo ankagona ndi njala.

Chaka chatha ndinawapeza Mayi Belu pakhonde la sitolo, akusoka mayunifolomu a sukulu, imvi zili mbuu. Ndinapereka moni, ndinakhala pabenchi, n'kuyamba kufotokoza za tsiku lija. Iwo sanasiye kupalasa makina. Nditamaliza anadula ulusi ndi mano, n'kundiyang'ana.

"Mwabwera kuti ndinene kuti palibe kanthu eti? Kanthu kalipotu, achimwene. Lamulo ndinkalidziwa ndine, mlandu umenewo ndi wanga ndipo ndinausenza. Wanuwo musanditule pamutu. Akazi a Kaputeni amakhala kuseri kwa sukulu uko, nyumba ya geti lobiriwira. Ine ndinapita kale. Mukawauze iwowo."

Njira ndikuidziwa. Katatu konse ndafika pageti paja, ndamva ana akusewera mkati, n'kubwerera osagogoda.