Mabatire Oyanika Padenga

Lero ndapeza batire litatayikira mu rimoti, ndipo fungo lake landikumbutsa zakale.

Kamudzi kathu, kuseri kwa Benga, anthu ankati kamangotulutsa usipa. Bodza! Kanatulutsanso wosewera mpira wa timu ya dziko, ndipo tsiku lina timuyo inali ndi masewero. Wailesi m'mudzimo inali imodzi, ya bambo a wosewerayo. Mabatire otha tinawayanika padenga la malata kuyambira m'mawa kuti dzuwa liwabwezere mphamvu.

Titasonkhana pa wailesiyo, msodzi wina wa ku Bua anayamba kuwachita chipongwe bambowo. "Achimwene, mwana wanuyo amangotungira anzake madzi. Dzina lake mwalimvapo?"

Ine ndinali nditatola kale mwala.

Kenaka muulutsi anakuwa kuti penate, natchula dzina la mwana wa kwathu kuti ndiye amenye. Wailesi inatsokomola, n'kuthima.

"Lumani mabatirewo!" anakuwa amalume. Ndinaluma limodzi, phulusa lowawa n'kudzaza m'kamwa. Tinabwezeramo, koma zii.

"Waphonya ameneyo," anatero wa ku Bua uja.

Bambo a wosewerayo anakweza dzanja kuti tikhale chete. Kutsidya kwa minda ya mpunga, kumene kunali wailesi ina, azimayi anayamba kululutira.