Ng'ona za m'damu la kumalayini

Titasamukira ku famu ina ya mbewu, chakumadzulo kwa Msundwe, chimene chinanditenga mtima poyamba chinali damu. Amuna anga anali atapeza ntchito yoyang'anira nkhokwe, ndipo anatipatsa nyumba yakumapeto kwa malayini a antchito, khomo lake loyang'ana kumadzi. M'mawa ndikatsegula chitseko ndinkaona akakowa ali mbuu m'mphepete, anantchengwa akuyenda mwaulemu m'matope, nthawi zina akatumbu akusewera pafupi ndi mabango. Mpopi wa kumalayini unkauma kawirikawiri, choncho amayi tonse tinkachapira kudamuko, pa mwala waukulu wosalala, ana akusambira pambali pathu.

Mnzanga woyamba kumeneko anali mkazi wa dalaivala wa thirakitala, amene aliyense ankangowatchula kuti amake mapasa. Ankaweta abakha ambiri, ndipo ankawadziwa mmodzimmodzi ngati ana awo.

Chaka chathu chachiwiri kunagwa mvula yoopsa. Mtsinje wa kumunsi kwa famu unasefukira, dambo lonse linamira, madzi a mtsinje n'kukumana ndi a damu. Madziwo ataphwera, damu linabwerera m'malo mwake, koma silinalinso lomwe lija. Akatumbu sitinawaonenso. Mbalame zinkatera tsidya lina, kutali ndi mabango. Galu wathu, amene ankakonda kunditsatira kochapa, anayamba kuima pamtunda n'kumalira chapansipansi.

Tsiku lina amake mapasa anandipeza ndikusesa pabwalo.

"Kodi anzanga, simunaoneko bakha wanga wamawanga uja? Dzulo wina sanabwererenso."

"Mwina ndi agalu a kumudzi," ndinatero.

"Galu amasiya nthenga. Ine ndazungulira damu lonse, palibe ngakhale nthenga imodzi."

Abambo a kumalayini anati ndi akuba, ena anati ndi ng'azi. Dzina la ng'ona palibe analitchula. Kwathu kuno ng'ona timazimva za ku Bua ndi kunyanja, osati m'damu lokumbidwa ndi makina, lothirira nazale.

Kunali wamalonda wina wachisilamu, mwini butchala ku Msundwe, amene ankabwera panjinga yamoto kudzagula mbuzi zamoyo kuti akazizinge yekha. Tsiku limenelo anagula tonde kwa mlonda wa famu, n'kumumangirira ndi chingwe chachitali pamtengo wa mkuyu pafupi ndi mwala wathu wochapira. Dzuwa linali paliwombo. Anatilonjera, n'kunjuta m'mphepete mwa madzi, nasamba m'manja, kumaso ndi kumapazi kuti apemphere. Atatha anakwera pamtunda n'kuyala kansalu kake pamthunzi.

Tonde uja anatsetsereka kukamwa madzi pamalo pomwe bamboyo ananjuta paja. Ine ndinali ndikufinya chitenje, maso anga ali pomwepo. Madzi anangong'ambika. Ndinaona kamwa lalitali, mano, kenako mbuzi inalira kamodzi. Chingwe chinakungika, mkuyu n'kugwedezeka, chingwe chija n'kuduka. Madzi anawinduka pang'ono, kenako anakhala bata, ngati palibe chachitika.

Amake mapasa ndiwo anayamba kukoka ana m'madzi, wina pamkono, wina pamalaya. Wamalonda uja anabwera akuthamanga, naima akuyang'ana chingwe chodukacho. Kenako anayang'ana mapazi ake, amene anali asanaume.

"Mayi, ndinali pomwepa, eti?" anandifunsa.

"Munali pomwepo, bambo."

Anakhala paudzu nthawi yaitali asanadzuke kukaliza njinga yake.

Kuyambira tsikulo moyo wa kumalayini unasintha. Madzi tinkakatunga ku mjigo wa mudzi woyandikana nawo, mtunda wautali ndithu, ndipo eni mudzi ankatiyang'ana ndi diso loipa chifukwa chotalikitsa mzere. Ana tinawaletsa kutsikira kumunsi. Ine ndinasiya kukhala pakhonde, chifukwa maso anga ankangothamangira kumadzi. Chipika chilichonse choyandama ndinkachiyang'anitsitsa kuti ndione ngati chikuyenda mosemphana ndi mphepo.

Akuluakulu a famu anaitana anthu oona za nyama zakutchire. Anabwera ndi msampha wachitsulo wonga khola lalitali, n'kuikamo nyama yowola. Fungo lake linkafika mpaka m'nyumba. Msamphawo unakhala wopanda kanthu masabata angapo, mpaka m'mawa wina tinamva chitsulo chikugunda. Ng'ona inali italowa. Anaiwombera anthu akuona, ndipo khamu linachokera m'midzi yonse yozungulira kudzaona. Anati inali yaimuna.

Chimene chinavuta si nyama yake koma ndulu. Aliyense amadziwa zimene anthu amanena, kuti ndulu ya ng'ona ndi poizoni wosabweza. Amuna anazungulira amene ankatumbula, wina aliyense akuyang'ana manja a mnzake. Anaitentha ndi dizilo pamaso pa onse, phulusa lake n'kuliponya m'chimbudzi chakale. Ngakhale zinali choncho, kunamveka manong'onong'o akuti inali itachekedwa kale pang'ono. Kwa nthawi yaitali anthu a kumalayini ankakana ulemu wa thobwa pakhomo la mnzawo, n'kumati angomwa kumene.

Koma kudamu anthu anabwererako. Kutentha kutafika, mwala uja unadzazanso ndi zochapa. Amake mapasa okha ndiwo anakana.

"Imene aphayi si imene inagwira mbuzi ija," anandiuza. "Ija inali ndi mutu waukulu. Inu simunaione?"

Ndinaiona, koma kanthawi kochepa kwambiri, moti sindikanalumbira. Amuna anga anati mantha amakulitsa zinthu. Ndinayambanso kukachapa, koma ndinkatunga madzi ndi ndowa yomangirira kunsungwi n'kukachapira pamtunda. Amayi ena ankandiseka.

Dzinja litafika, chimanga chili m'mawondo, mwana wanga wamkazi, amene anali mu Sitandade 2, anafika kunyumba masana atanyamula chitini cha penti. Diresi lake la sukulu linali lonyowa mpaka m'chiuno.

"Amayi, taonani buluzi wanga. Amalira ngati mwanapiye."

Ndinasuzumira m'chitinimo. Kanali kakang'ono, kotalika ngati chikhato changa ndi theka, kamawanga achikasu ndi akuda. Kanatukula mutu, n'kutsegula kakamwa kodzaza timano tonga singano, kenako kanalira, kulira kwake kokhala ngati kakuitana.

Ndinagwira mwanayo paphewa.

"Wakatenga kuti?"

"Kumabango. Tilipo tambiri, amayi. Tiabuluzito tinali pachipika chachikulu, ine ndangotola kamene kanagwera pambali."

"Chipikacho chinali kutali bwanji ndi iwe?"

Analoza pamene panali mtondo wathu, pafupi moti ndikanaugwira nditangotambasula dzanja. Sindinamumenye, sindinamukalipire. Ndinalowa naye m'nyumba n'kumukumbatira mpaka anayamba kulira kuti ndikumupweteka.

Amuna anga anatenga chitini chija kupita nacho ku ofesi. Anthu a zanyama anabweranso ndi msampha wawo, koma ng'ona yaikazi, make wa tianato, sinalowemo. Ena anati damu liphwetsedwe, akuluakulu anati nazale zifa, ndipo ntchito za anthu zifera pomwepo. Mapeto ake anakhoma zikwangwani zochenjeza, n'kuzika mitengo m'madzi mozungulira malo ochapira. Mitengoyo inali yotalikirana moti mwana wa ng'ona akanadutsa bwinobwino.

Ndinauza amuna anga kuti ine ndi ana sitigonanso nyengo ina pamalopo. Anandipezera nyumba ya lendi ku Namitete, iwo n'kumapalasa njinga kupita kuntchito mpaka pamene anapeza ntchito ina. Amake mapasa anatsala, chifukwa analibe kwina kopita. Tinakumana pamsika chaka chathachi, ndipo ndinawafunsa za kumalayini. Anati mabanja ambiri ndi atsopano, ndipo akawauza amayankha kuti ng'ona inaphedwa kalekale. Anati m'nyengo yozizira, dzuwa likamatuluka, amaziona zitatu kapena zinayi zikuwothera pamchenga wa tsidya lija, ndipo chaka chilichonse zimakhala zitakulako.